Sabina wa m'Makina a Anatembo

Chaka chakwana tsopano chiwaikire m'manda Anatembo, koma zimene zinanenedwa pamaliro awo zimandivutabe. Woimira mpingo anati anali mayi wofatsa. Woimira achibale anati pakamwa pawo sipankatuluka mawu opweteka. Ine ndinali khale pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo ku Kapata, n'kumadzifunsa ngati ndalowa pamaliro a munthu wina. Ndinagwira nawo ntchito m'chipinda chimodzi zaka zambiri, ndipo kufatsa kumeneko sindinakuonepo. Ndikudziwa kuti pamaliro sitinena zoipa, koma tsiku limenelo tinaika m'manda munthu amene sindimamudziwa.

Ndiye ndati ndilembe za amene ndimawadziwa. Ndilembenso za khomo limodzi la ku Chipangali limene m'chaka cha chilala chija silinalandire chimanga chifukwa cha mzere umodzi umene Anatembo analemba m'kompyuta. Nkhani imeneyi pamaliro sinatchulidwe, chonsecho ndi imene anakalamba nayo.

Dzina lawo linali Yulita Tembo, koma palibe ankawatchula choncho, ngakhale abwana. Anayamba kutayipa tawuni ino ya Chipata ikadali kutchedwa Fort Jameson, ndipo ankakonda kutikumbutsa zimenezi tikalakwitsa kanthu, ngati kuti ife tinachita kusankha kubadwa mochedwa. Anali aafupi, a mawu aakulu, ovala magalasi omangidwa ndi ulusi kumbali imodzi. Kuchokera ku Kapata ankayenda pansi, ambulera m'manja kaya kuli mvula kaya kulibe. Akafika ankavula nsapato za m'njira, kuziika pansi pa tebulo, n'kuvala zina zimene sizinkatuluka m'chipindamo. Ine ankandiuza kuti ndipukute zanga kawiri.

Bungwe lathu linali laling'ono, lothandiza alimi a chimanga, thonje ndi nshawa m'midzi yozungulira Chipata. Kompyuta inabwera ndi mzungu wina amene anati adzatiphunzitsa bwinobwino. Malungo atamugwira kachiwiri anamanga katundu, natisiyira makinawo ndi buku lalikulu ngati njerwa. Azibambo a mu ofesi, amene pamsonkhano ankalankhula mpaka dzuwa kupendeka, makinawo ankawalambalala ngati galu wa eni. Abwana anaona kuti popeza chinthucho chili ndi mabatani, ndiye ndi cha otayipa. Umu ndi mmene Anatembo, atapitirira kale zaka makumi asanu, anayambira kupita ndi buku lija kunyumba, atalikulunga m'chitenje kuopa fumbi.

Sanasiye kumenya mabatani ngati akadali pa tayipi yakale. Munthu ali panja ankadziwa kuti Anatembo alimo. Zilembo zina zinafufutika, iwo n'kunena kuti amene akufuna kuziona ndi amene sadziwa ntchito. Poweruka ankafunditsa kompyuta chitenje chake chake, ndipo tsoka kwa munthu amene angalowe ndi nshawa zokazinga kapena kapu ya tiyi.

Ine ndinabwera nditasiya kuphunzitsa ku pulayimale, choncho mpaka imfa yawo ankanditcha aphunzitsi, mwa mawu oti munthu umve kuti si ulemu. Tsiku loyamba anandikhazika pambali pawo nati, "Aphunzitsi, makina awa ndi opusa kuposa ana anu a giredi yoyamba. Sadziwa kanthu mpaka muwafunse. Ndipo mukawafunsa, muwauzenso poika yankho, apo ayi alitaya."

Anandionetsa databesi, nkhokwe imene munali maina a alimi, midzi yawo, kukula kwa minda ndi chiwerengero cha anthu pakhomo lililonse. Anandionetsa chinenero chofunsira nkhokweyo, timawu tachingerezi tochepa toti munthu ulembe ndendende. Zonsezi ndinazimva. Pamene ndinakakamira ndi pa chinthu chotchedwa veriyebo, malo amene pulogalamu imasungamo yankho kwa kanthawi pamene ikugwira ntchito. Bukulo linafotokoza masamba angapo, ine osatolapo kanthu. Anatembo analitseka.

"Kwanu amalume akamwalira, dzina lawo limapita kuti?"

"Amalowa mphwa wawo, amayi."

"Eya. Dzina ndi lomwelo, munthu ndi wina. Veriyebo ndi dzina lotero. Mumalipanga, n'kulowetsamo nambala. Koma limanyamula mmodzi yekha. Mukalowetsamo ina, yoyamba ija yapita, ndipo makina sakhuza maliro ake. Mwamva, kapena ndikubweretsereni choko?"

Ndinamva, ndipo sindinaiwalenso. Ndinkaona kuti palibe buku lingafotokoze bwino kuposa pamenepo, ndipo iwonso ankaona choncho, chifukwa fanizo limenelo ankalibwereza kwa aliyense wolowa m'chipindamo, ngakhale wobwera kudzabwereka sitepula.

Anali ndi malamulo awo. Veriyebo iliyonse ankayamba aiikamo ziro asanaigwiritse ntchito, amati mbale ya dzulo suipakuliramo usanaitsuke. Sankalola maina achidule opanda tanthauzo. Tsiku lina ndinatcha veriyebo yanga X, iwo n'kundifunsa ngati mwana wanga woyamba ndinamutchanso X. Awo ankawatcha m'Chinyanja: mudzi, anthu, matumba. Munthu ukawerenga pulogalamu yawo unkamva mawu awo, ngakhale kukalipa kwake.

Ndewu zawo sindingazimalize. Ndi a Zulu, dalaivala wathu, ankakangana za fumbi, poti a Zulu ankaimika galimoto pafupi ndi windo. Ndi abwana ankakangana za jenereta, za mapepala, za chilichonse. Ndi mwana wawo Fabiano, amene ankachita malonda odutsa malire pa Mwami, ankakangana za shuga wa ku Malawi amene ankalowa naye podzera njira za kutchire. Ankamunena kuti adzafera m'ndende ndipo iwo sadzapita kukamuona. Shuga yemweyo ankathira m'tiyi wawo masupuni atatu, akumwera pakhonde, kutali ndi makina. Ndinawafunsapo za zimenezi. Anati shugayo alibe mlandu, mlandu ndi wa Fabiano.

Pakati pa zaka zimenezi panabwera katswiri wa makompyuta wochokera ku Lusaka, munthu waulemu, wodziwa ntchito yake. Powerenga mapulogalamu a Anatembo anapeza kuti m'pulogalamu iliyonse muli veriyebo yotchedwa sabina, imene sinkagwirizana ndi maina ena onse. Anafunsa ngati ndi chidule cha mawu ena. Anatembo anati ayi, ndi dzina la munthu, ndipo sanaonjezepo. Za mkangano wawo ndi katswiriyo ndinena pambuyo. Ndiyambe ndabwerera ku chilala, chifukwa dzinalo linachokera kumeneko.

Amene anaona chaka chimenecho sasowa kuuzidwa. Chimanga chinauma chisanabereke, nkhokwe zinali mbee, ndipo tonse tinaphunzira kudya chimanga chachikasu chochokera kunja. Bungwe lathu linapatsidwa ntchito yogawa chimangacho m'midzi ina ya ku Chipangali. Akalembera anayenda pa njinga khomo ndi khomo, kufunsa dzina la mwini khomo ndi kuchuluka kwa anthu. Ine ndinkalowetsa zimene analembazo m'databesi. Anatembo analemba pulogalamu yotulutsa makhadi olandirira chakudya. Inkatenga dzina limodzi m'mudzi, kufunsa databesi kuti pa dzina limeneli pali anthu angati, kuika yankho m'veriyebo yotchedwa anthu, n'kusindikiza khadi limodzi la dzinalo. Kenako dzina lotsatira, chimodzimodzi.

Inagwira ntchito bwino, ndisaname. Mabungwe ena akulembabe makhadi pamanja, athu anali atafika kale kumidzi. Abwana anawayamikira pamaso pa alendo. Anatembo anangoti hm, koma masiku amenewo ankayenda ngati atalikirako pang'ono.

Pakhonde la ofesi pankadzaza anthu tsiku ndi tsiku. Ena anali ndi madandaulo enieni, ena ankayesa mwayi, kutchula maina a akufa kapena kubwera kawiri atasintha mpango. Njala imaphunzitsa munthu zambiri. Anatembo sankalola anthuwa kulowa m'chipinda cha makina chifukwa cha fumbi, ndiye ankawayankhira pawindo. Pofika masana ankakhala atatopa, ndipo kutopa kwawo kunkatulukira pakamwa.

Tsiku lina pawindopo panafika mayi wamtali, wowonda, atabereka mwana. Anabwera pa lole yathu yobwerera yopanda katundu. Mwanayo anali wa zaka ngati ziwiri, tsitsi lofiirira, timiyendo totupa. Sankalira.

"Odi kuno, amayi."

"Nenani pomwepo."

"Ndachokera ku Chipangali. Tsiku lolandira, khomo lathu silinaitanidwe."

"Dzina?"

"Ndi pa a Kamphasa. Kamphasa Banda."

Anatembo anamenya mabatani, nayang'ana pagalasi. "Kamphasa Banda, anthu atatu. Khadi linatuluka, chimanga analandira."

"Ife tilipo asanu ndi anayi, amayi."

"Makina akuti atatu. A Kamphasa analandira kapena sanalandire?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "A Kamphasa analandiradi, koma si..."

"Basi, mwavomera nokha. Za m'banja mukakambirane kunyumba. Wotsatira."

Mayiyo sanachoke msanga. Anaima pambali, akuoneka kuti akufunafuna poyambira. Mphepo inadutsa ndi fumbi la pamsewu, Anatembo n'kutseka windo. Pamene analitsegulanso, mayi uja kunalibe. Ndinalipo, ndinaona zonsezi, ndipo tsiku limenelo sizinasiyane ndi za anthu ena ambiri amene anabwezedwa pawindopo.

Panapita masabata. Pokonzekera ulendo wachiwiri wogawa, Anatembo anaona kuti makhomo amene ali m'databesi ndi ochulukirapo pang'ono kuposa makhadi amene anatuluka. Kusiyanako kunali kochepa, koti wina akanangoti pepala linatayika. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Anawerenganso makhomo ndi makhadi masana onse. Kenako anafunsa makina kuti aonetse maina onse opezeka kawiri m'mudzi umodzi. Anatuluka owerengeka. Limodzi linali Kamphasa Banda. Mzere woyamba unali wa anthu asanu ndi anayi, wachiwiri wa anthu atatu.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Pulogalamu itafunsa za dzinalo, databesi inayankha kawiri. Yankho loyamba linalowa m'veriyebo, lachiwiri n'kulowanso momwemo, loyamba lija n'kufufutika. Khadi linatuluka limodzi, la anthu atatu. Makina sanadandaule chifukwa palibe anawauza kuti adandaule.

Anatembo anavula magalasi. "Aphunzitsi, tabwerani muone. Ndani anakuphunzitsani kuti dzina limanyamula mmodzi?"

"Inuyo, amayi."

"Ndipo ndinakuuzani kuti akalowa wina?"

"Woyamba wapita."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndimaimba nyimbo imeneyi tsiku ndi tsiku. Aliyense ndinamuimbira."

Kutacha anakakamira galimoto yoti apite ku Chipangali. Abwana anati dizilo ndi wochepa, makhadi okonzedwawo apite ndi ulendo wotsatira. Anatembo anawauza kuti ngati ndi choncho ayenda pansi, ndipo akafera m'njira abwana akafotokoze okha kwa Fabiano. Anatenga ambulera yawo n'kuyamba kuvala nsapato za m'njira. A Zulu, amene anali asanagwirizanepo nawo pa chilichonse, anangopita kukaliza galimoto osadikira yankho la abwana. Tinakweza matumba, ine n'kukhala kumbuyo pamwamba pake.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Mudzi unali zii, popanda ngakhale nkhuku yothawa galimoto. Anatilandira bambo wachinyamatako amene anati ndi Kamphasa Banda. Iye ndi amene anatifotokozera. Amalume ake, a Kamphasa akale, anamwalira kumayambiriro kwa chilala. Dzina anamulowetsa iyeyo pamaliro pomwepo, poti banja linkafuna wolilankhulira m'chaka choipacho. Koma mwambo wosudzula mkazi wa malemuwo kuti abwerere kwawo unadikira, chifukwa panalibe chimanga chofulira mowa kapena chodyetsa anthu. Choncho mayi wamasiyeyo, Velonika, anatsala m'nyumba ya mwamuna wake ndi ana ndi adzukulu. Kalembera atafika pakhomo pake n'kufunsa kuti pano ndi pa yani, anayankha monga mkazi aliyense wosasudzulidwa angayankhire, kuti ndi pa a Kamphasa. Atafika pakhomo lina la m'mudzi momwemo, mwini wake anati ndine Kamphasa. Palibe ananama. Tsiku logawa, dzinalo litaitanidwa, anaimirira ndi amene analilowa.

"Tinkagawana, amayi," anatero bamboyo. "Koma cha anthu atatu, makhomo awiri, mukudziwa nokha."

Titafika pakhomo pake, Velonika anatuluka m'nyumba, nagwada chapatali, nawomba m'manja. Anali mayi wa pawindo uja, koma kumbuyo kwake kunalibe kanthu. Anatembo anayang'ana ana amene anasonkhana pakhomopo mmodzimmodzi, kenako anafunsa.

"Nanga mwana munabereka uja?"

"Sabina? Anatisiya, amayi. Anatsegula m'mimba, ndiye thupi linali litatha kale. Anali mdzukulu wanga."

A Zulu anavula chipewa. Velonika anatuma mwana wina kukatenga mpando, napepesa kuti alibe chowapatsa alendo, ngakhale madzi abwino. Ataona matumba akutsitsidwa anawombanso m'manja. "Mulungu akudalitseni, amayi. Mwatikumbukira. Njira yonseyi mwabwera nokha."

Anatembo anakana mpandowo, nakhala pansi pafumbi, iwo amene fumbi ankadana nalo ngati matenda. "Amayi, mundimve. Khadi lanu silinatuluke chifukwa cha ine. Ndine ndinalemba molakwa m'makina. Ndipo munabwera kudzandiuza, ine n'kutseka windo."

Velonika anawayang'ana modabwa, ngati munthu amene wauzidwa nkhani ya m'dziko lina. "Iyayi, amayi, musatero. Inu simunkatidziwa. Ndi chaka chake."

Anayesanso kachiwiri, Velonika n'kuwathokozanso. Ndikuganiza kuti akanawatukwana zikanawapepukira. Anapita kumeneko atakonzeka kusenza mlandu, koma anapeza kuti palibe wowasenzetsa. Pobwerera anakhala kutsogolo ndi a Zulu, ndipo a Zulu anandiuza pambuyo pake kuti njira yonse sanawakalipire, ngakhale pamene galimoto inagwera m'dzenje.

Patapita masiku ndinayesa kuwatonthoza. Ndinawauza kuti chaka chimenecho ana ankamwalira ngakhale m'makhomo amene analandira makhadi, kuti palibe angadziwe ngati thumba limodzi likanamupulumutsa mwanayo. Zinali zoona, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira choncho. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Aphunzitsi, masamu anu musunge." Sindinayambitsenso nkhaniyo.

Anthu amakonda kumva kuti munthu zikamuonekera zotere amasanduka wofatsa. Anatembo sanasanduke. Ukali unali womwewo, unangosintha kolowera. Anauza a Zulu kuti alowetse benchi ya pakhonde m'chipinda cha makina, pafupi ndi tebulo lawo. Windo analichirikiza ndi rula yakale yathabwa kuti lisamatsekeke, fumbi lizilowa momwe likufunira, iwo azipukuta akung'ung'udza. Munthu wa kumudzi akabwera ndi dandaulo ankamukhazika pabenchipo n'kumukalipira kuti afotokoze. "Nenani zonse. Musandiuze theka. Mwati koma, koma chiyani? Nenani zonse, ndikumva." Ena ankatuluka osadziwa ngati athandizidwa kapena azengedwa mlandu. Mzere unkayenda pang'onopang'ono, abwana n'kumadandaula, koma palibe anabwereranso kwawo mawu ali m'kamwa.

M'mapulogalamu ndi mmene munalowa sabina. Ntchito yake inali imodzi, kuwerenga kuti databesi yayankha kangati. Pa dzina lililonse ankayamba aikamo ziro, yankho likabwera n'kuonjezera imodzi. Ikapitirira imodzi, makina ankaima, kulira kamodzi, n'kulemba pagalasi mawu awiri amene Anatembo anasankha: FUNSANI MUNTHU. Palibe khadi linkatuluka mpaka wina atapita kukafunsa. Miyezi yotsala ya chilalacho inalira kangapo, ndipo nthawi iliyonse Anatembo ankadzidzimuka ngati aitanidwa.

Tsopano katswiri wa ku Lusaka uja. Iye anaona msanga pamene panali muzu wa vuto. Anati khomo lisamadziwike ndi dzina, lipatsidwe nambala yakeyake, chifukwa maina amafanana koma nambala sizifanana. Ankanena zoona. Anatembo anakwiya masiku awiri, n'kunena kuti anthu si ng'ombe za ku dipi, koma tsiku lachitatu anakhala naye pansi n'kusintha zonse, ndipo anaphunzira msanga kuposa ine. Atamaliza, katswiriyo anati tsopano sabina achotsedwe, poti funso la nambala silingayankhidwe kawiri, mizere imeneyo ikungochedwetsa makina.

"Ndikudziwa kuti siidzaliranso," anatero Anatembo. "Isiyeni."

"Koma amayi, ilibe ntchito."

"Bambo, mwagwira ntchito yabwino, ndipo ndakuthokozani, zimene sindichita kawirikawiri. A Zulu angakuuzeni. Koma mukachotsa dzina limenelo, muchotse ndi ine ndemwe."

Katswiriyo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga. Anaisiya. Ndipo sinalirenso, monga ananenera onse awiri. Zaka zonse zotsatira, pa khomo lililonse la mlimi aliyense, makina ankaika ziro mwa sabina, kuonjezera imodzi, n'kupitirira, popanda wodziwa chifukwa chake kupatula ine ndi Anatembo.

Ku Chipangali sanabwerereko. Anamva kwa katekisiti wa kumeneko kuti mvula itabwerera Velonika anasudzulidwa n'kupita kwawo, kwinakwake kufupi ndi malire. Anafunsa dzina la mudziwo, koma katekisitiyo sankalidziwa. Ku tchalitchi Anatembo ankapereka dzina la Sabina pa Misa ya omwalira chaka chilichonse, ndipo amayi anzawo a m'limana, kagulu kawo ka mapemphero, ankaganiza kuti ndi mbale wawo.

Zaka zomaliza zinali zotopetsa kwa tonse. Othandiza bungwe anayamba kuyang'ana kwina. Alimi anasiyidwa m'manja mwa ogula oyenda ndi masikelo awo, ndipo ife tinatsala ndi databesi ya anthu amene tinalibe chowapatsa. Antchito ankachotsedwa mmodzimmodzi. A Zulu anapita pamodzi ndi galimoto. Anatembo anayamba kudwala shuga, Fabiano n'kumati ndi mlandu wa masupuni atatu aja, iwo n'kumati ndi mlandu wa wobweretsa. Maso anayamba kuchita khungu mpaka ankagunditsa mphuno pagalasi la kompyuta. Tsiku lina anafunditsa makina chitenje masanasana, natenga nsapato zonse ziwiri, za m'njira ndi za m'chipinda, nandiuza kuti mpando ndi wanga koma ndisausinthe kutalika. Phwando lotsanzikana analikana.

Ndinakawaona ku Kapata milungu ingapo asanamwalire. Anali pamphasa pakhonde, miyendo yotupa, ambulera pambali ngati pali ulendo. Anandifunsa ngati windo likadali lotsegula. Ndinati inde. Anandifunsa ngati ndikuyamba ndi ziro. Ndinati inde. Anati ndikunama, nkhope yanga saiona koma mawu anga ndi a munthu waulesi. Kenako anandiuza kuti achibale a kumudzi ayamba kale kunong'onezana za amene adzalowe dzina lawo, ndipo akuloza mwana wa mng'ono wawo, mayi wabwino wophunzitsa kusoka.

"Ndamuuza Fabiano kuti dzina langa asalowe munthu."

"Chifukwa chiyani, amayi? Achibale adzakhumudwa."

"Akhumudwe. Inu aphunzitsi, zaka zonsezi simunamvebe? Akalowa wina, woyamba wapita. Mwana wa mng'ono wangayo sanatsekerepo munthu windo. Adzanyamula dzina loyera, anthu n'kumati Anatembo, Anatembo, mayi wabwino. Nanga mwana wa ku Chipangali uja adzatsala ndi yani?" Anapuma kanthawi, mpweya ukuvuta. "Likhale choncho, lopanda munthu. Amene akulidziwa azidziwa kuti linali la yani."

Sabata yatha, pa Misa yokumbukira kuti chaka chatha, nkhaniyi inabukanso. Akuluakulu a kumudzi anati dzina silisiyidwa pamtetete, Fabiano aganize bwino. Fabiano, amene moyo wake wonse sanamverepo mayi ake pa chilichonse, anati mayi ananena, ndipo iye sakufuna kuti amubwerere kumaloto ndi ambulera. Ena anaseka, ena anakwiya n'kunyamuka osadya. Chifukwa chenicheni sakuchidziwa, ndipo sanandifunse. Dzinalo silinalowedwe.

Bungwe lathu linatsekedwa miyezi ingapo yapitayo. Kompyuta inagulitsidwa kwa bambo wina amene amatayipira anthu makalata m'tawuni. Ndinamufunsa ngati anasunga zimene zinali m'katimo. Anati anafufuta zonse tsiku loyamba, munali zinthu zakale za m'Chinyanja zosamveka, zikungodya malo. Sindinamuimbe mlandu. Makina ndi ake.

Dzulo ndinapita ku ofesi kukapereka kiyi wotsiriza kwa mlonda wa eni nyumba. Anandilola kulowa. Chipinda chimaoneka chaching'ono kuposa mmene ndimachikumbukirira. Tebulo lilipo, ndipo pamwamba pake pali malo osapauka pamene pankakhala makina. Pansi pake simenti inasalala pamene ankapondapo. Chitenje chofunditsira chija wina anachitenga. Benchi ili pomwe a Zulu anaiika, poti mwendo umodzi ndi wothyoka ndipo palibe anaifuna. Rula ikadali pawindo, yakuda ndi dzuwa ndi mvula, ndipo fumbi la pamsewu launjikana pansi pake popanda wolipukuta.

Mlondayo anandiuza kuti amene akubwera adzasungiramo feteleza, ndipo windolo alitseka ndi njerwa sabata ya mawa kuopa akuba. Anafunsa ngati rulayo ndikuifuna. Ndinati aisiye mpaka tsiku la njerwalo. Anatuluka kukasuta, ine n'kukhala pabenchi paja, mbali ya anthu a madandaulo, kumene zaka zonsezo ndinali ndisanakhaleko. Ndinayang'ana mpando wawo kanthawi ndithu. Ndinali ndi zambiri, koma panalibe wondikalipira kuti ndinene zonse.